Edwin Link, Mmisiri wa Ndege Yosauluka

Mukafunsa ana a sukulu za anthu amene anatchuka pa nkhani ya ndege, ambiri adzatchula anyamata awiri apachibale a kwa Wright, amene anauluka koyamba m'chaka cha 1903. Ine ndasankha kulemba za munthu wina wa ku America komweko, amene dzina lake sitilimva kawirikawiri. Iyeyu anatchuka chifukwa cha ndege imene sinachokepo pansi ngakhale tsiku limodzi. Inali ndi timapiko tongokongoletsa, inalibe injini, inalibe mawilo, ndipo inkakhala m'nyumba monga mpando. Mmisiri wake anali Edwin Albert Link, ndipo mdani amene ndege yakeyo inadzalimbana naye ndiye nkhungu.

Ife a kuno ku Jenda nkhungu sitichita kuimva kwa anthu. Aliyense amene anakwerapo minibasi ya ku Mzuzu mwezi wa June kapena July akudziwa mmene kumakhalira pa Chikangawa. Dalaivala amayatsa nyali dzuwa lili paliwombo, nayenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Zikavuta angathe kuima m'mbali mwa msewu kudikira kuti kuyere. Woyendetsa ndege alibe m'mbali moima. Tonse tikukumbukira tsiku la 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali yochokera ku Lilongwe sinafike ku Mzuzu, ndipo m'mawa mwake inapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 anamwalira, mmodzi wa iwo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza anapeza kuti ndegeyo inalowa m'mitambo ikuuluka chapansi, nigunda mtunda. Kuweruza za ngozi imeneyo si ntchito ya mwana wa sukulu. Ndangoitchula kuti tidziwe kuti nkhani ya munthu wa kutali uyu ndi nkhani ya m'mapiri mwathu momwemuno.

Edwin anabadwa pa 26 July 1904 m'tauni ya Huntington, m'chigawo cha Indiana. M'chaka cha 1910 banja lawo linasamukira ku Binghamton, m'chigawo cha New York, kumene atate ake anali ndi fakitale yopanga malimba. Amene munaonapo limba lakale la m'tchalitchi, lija woimba amapondaponda ndi mapazi onse awiri, mukudziwa kuti m'mimba mwake muli mvukuto wonga wa osula makasu. Mapazi akaponda, mvukuto umakoka mphepo, ndipo mphepoyo ndiyo imalira. Malimba a kwa Link anapitirira pamenepo, pakuti ena ankadziimba okha. M'kati mwake munkazungulira pepala lalitali lobowola. Chibowo chikafika pa malo ake mphepo inkadutsa, kamvukuto kakang'ono nkufota, nkukoka nyundo yomenya chingwe. Ankapanganso malimba akuluakulu a m'nyumba za kanema, popeza mafilimu a masiku amenewo analibe mawu.

Kusukulu Edwin sanali mwana wokondweretsa aphunzitsi. Anasintha masukulu kangapo, nasiya asanamalize sekondale. Anzanga a Folomu 2 amene mwayamba kumwetulira, taimani mumve. Iye sanapite kukakhala pa khonde la sitolo kumatafuna nzimbe. Analowa m'fakitale ya atate ake, naphunzira kumata zikopa za mivukuto, kusema timavavu ndi kulumikiza timapaipi, kufikira mphepo inayamba kumumvera monga ng'ombe za pa ngolo zimamvera mwini wake.

Koma mtima wake unali mlengalenga. M'chaka cha 1920, ali ndi zaka 16, analipira madola 50 kuti aphunzire ndege ku California. Mphunzitsi anakwera naye, naitembenuza ndegeyo uku ndi uku, natsika, mnyamatayo osaloledwa kugwira chiwongolero ngakhale pang'ono. Ndalama zinapita, nzeru sanatolepo. Masiku amenewo ndiwo anali maphunziro ake a ndege: okwera mtengo, ndipo wophunzira akalakwa kamodzi nthawi zambiri mwayi wachiwiri panalibe. Atabwerera kwawo anachita chibwenzi ndi oyendetsa ndege oyendayenda amene ankaonetsa masewera m'matauni. Iwo ankamulola kuyendetsa ndege pansi pokha, pa udzu, kuti manja ndi mapazi azolowere. Anamvanso kuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Afalansa ankaphunzitsa anyamata awo m'ndege zodula mapiko, zothamanga pansi koma zosatha kunyamuka. Chiphaso chake choyendetsera ndege analandira m'chaka cha 1927, ndipo chaka chomwecho anatsikira m'chipinda cha pansi pa fakitale nayamba kukhoma bokosi.

Ntchitoyo inamutengera chaka ndi theka. Bokosilo linali lamatabwa, lokwana munthu mmodzi, lokhazikidwa pa msanamira umodzi umene unkalilola kupendama mbali iliyonse ndi kuzungulira. Pansi pake anaikapo mota yamagetsi yoyendetsa pampu yokoka mpweya, ndi mivukuto inayi, wina kutsogolo, wina kumbuyo, iwiri m'mbali. Wophunzira akakankha chiwongolero kutsogolo, vavu inkatseguka, mvukuto wa kutsogolo nkufota, mphuno ya bokosi nkuwerama. Akakokera kumanzere, bokosi nkupendamira kumanzere. Akaponda chopondera, bokosi lonse nkuzungulira. Kunena zoona, linali limba basi, koma m'malo moimba nyimbo linkaimba kayendedwe ka ndege. Wophunzira woyamba anali mbale wake George, amene atakhala maola 6 m'bokosimo anatha kuuluka yekha asanakwanitse ndi ola limodzi lomwe la maphunziro a mlengalenga.

Mwina mukuganiza kuti anthu anathamangira kukagula. Ayi ndithu. Boma linampatsa kalata yotsimikiza kuti chipangizocho ndi nzeru zake m'chaka cha 1931, ndipo ngakhale m'kalatamo chinalembedwa ngati chophunzitsira ndiponso chosangalatsira anthu. Ogula oyamba anali eni malo a masewera, kumene ana ankaponya ndalama yachitsulo nkukwera monga pa katungwe. Nthawi yomweyo umphawi waukulu unagwa pa America kuyambira 1929, ndipo wailesi ndi mafilimu olankhula zinapha malonda a malimba, fakitale ya atate ake nkutsekedwa. Edwin anatsegula kasukulu ka ndege kolipiritsa madola 85, koma ophunzira anachepa. Anakwatira Marion Clayton, mtolankhani, m'chaka cha 1931, ndipo pofuna kudyetsa banja anamangirira mababu kunsi kwa mapiko a ndege yake, nawalumikiza ku pepala lobowola lija la limba. Usiku ankauluka pamwamba pa matauni mababu akulemba mawu otsatsa malonda. Ntchito ya mumdima imeneyi inamuzoloweza kuuluka poyang'ana mawotchi a m'ndege okha, ndipo pambuyo pake anaikanso mawotchi otero m'bokosi lake, nalivundikira ndi chivindikiro kuti wophunzira asaone kunja.

Apa ndiyenera kufotokoza chifukwa chake chivindikirocho chinali chofunika kuposa mivukuto yomwe. Tonse tili ana tinasewerapo kuzungulira mpaka kugwa ndi chizungulire, ndipo tikaima dziko linkaoneka ngati likuzungulirabe. M'kati mwa khutu muli timinjira titatu tokhota momwe muli madzi, ndipo madziwo ndiwo amatiuza ngati tikuzungulira kapena tikupendama. Pansi pano maso amawongolera khutu likalakwa. M'mtambo maso alibe chogwira. Ndege ikayamba kupendama pang'onopang'ono khutu silimva kanthu, ndipo woyendetsa angalumbire kuti akuyenda mowongoka pamene akuzungulira chotsika. Akaiwongola, thupi limamuuza kuti tsopano ndiye wapendama, nayibwezera komwe kuja. Mankhwala ake ndi amodzi okha, kukhulupirira mivi ya mawotchi ndi kukana thupi lako. Zida zake zinalipo kale. Pa 24 September 1929 James Doolittle ananyamuka ndi kutera atavundikiridwa, akuyang'ana zida zokha. Chimene chinkasowa ndi malo oti munthu wamba aphunzirepo kukana thupi lake popanda kufa.

Mwayi wa Link unadzera m'maliro a anthu ena. Mu February 1934 Pulezidenti Franklin Roosevelt analanda makampani ntchito yonyamula makalata pa ndege, naipereka kwa asilikali. Anyamata a usilikaliwo anali olimba mtima, koma anazolowera kuuluka masana kunja kuli mbee. Tsopano anawatuma usiku, m'nyengo yachisanu choopsa. M'milungu yowerengeka ndege zambiri zinagwa, ndipo asilikali oposa 10 anafa chifukwa cha matumba a makalata. Akuluakulu a usilikali anavomera kukumana ndi Link pa bwalo la ndege la Newark kuti aone bokosi lake. Tsiku la msonkhano kunacha ndi nkhungu yoti bii. Akuluakuluwo anadikira, naganiza kuti palibe munthu wanzeru angauluke tsiku lotero, nayamba kukonzeka kubwerera. Pamenepo anamva kulira kwa injini pamwamba, ndipo kandege kanatuluka m'nkhungumo nkutera bwinobwino. Link sanafunikirenso kulankhula zambiri. Mu June chaka chomwecho asilikali anagula mabokosi 6, lililonse pa mtengo wa madola pafupifupi 3,500.

Bokosi limene linatchuka pambuyo pake, lotchedwa Link Trainer, linali lopakidwa utoto wabuluu, ndipo pambali pake pankakhala mphunzitsi pa desiki. Pa desikipo pankayalidwa mapu, ndipo pa mapupo pankayenda kachipangizo ka mawilo atatu koyendera timamota tamagetsi, kamene ankakatcha nkhanu. Nkhanuyo inkalemba ndi inki njira yonse imene wophunzira akanayenda akanakhala mlengalenga. Mphunzitsi ankalankhula naye monga pa wailesi, ndipo ankatha kumuonjezera mphepo yamkuntho kapena kuligwedeza bokosi. Mnyamata ankatuluka thukuta lili kamukamu, nkuona pa mapu kuti inki yake yadutsa pakati pa phiri. Ankachita manyazi, kenaka nkupita kukadya chakudya chamasana. Pa ine, ubwino wonse wa ntchito ya Link uli pa chakudya chamasana chimenecho.

M'chaka cha 1935 asilikali a pamadzi a ku Japan anagula mabokosi 10, ndipo zaka 6 pambuyo pake Japan ndi America anali pa nkhondo. Bokosi silinkasankha wophunzira. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mafakitale a Link, ku Binghamton ndi ku Gananoque m'dziko la Canada, anapanga mabokosi oposa 10,000, ndipo panafika nthawi imene limodzi linkatuluka pa mphindi 45 zilizonse. Oyendetsa ndege a ku America oposa 500,000 anadzera m'menemo. Angerezi nawonso analiika pa maphunziro awo, ndipo ena a masukulu awo a ndege anali ku Southern Rhodesia, kumene tsopano ndi Zimbabwe, pafupi ndi Salisbury, Bulawayo ndi Gwelo, kuyambira 1940. Azigogo athu ambiri a kuno ku Mzimba anali komweko pa ntchito masiku amenewo, ndipo anyamata amene ankawaona akuzungulira m'mwambamo ankalowanso m'bokosi labuluu akatsika.

M'chaka cha 1954 Link anaphatikiza kampani yake ndi ina yaikulu, ndipo mu 1968 zonse zinagwera m'manja mwa Singer, yomwe ija dzina lake timaliwerenga pa makina a atelala pa msika. Kampaniyo ndiyo inapanga zipinda zophunziriramo anthu amene anapita ku mwezi m'zombo za Apollo. Mivukuto inatha, m'malo mwake munalowa makompyuta.

Tsono ndipatuke pang'ono, pakuti nzeru ya Link ili ndi mdzukulu amene mwini wake sanamuone atakula. Kale woyendetsa ndege ankakoka zipsepse za mapiko ndi za mchira ndi mphamvu ya mkono wake, kudzera m'zingwe zachitsulo. Ndege zitakula, ntchitoyo inapatsidwa kwa mafuta opanikizidwa m'mapaipi. Masiku ano ikupita pang'onopang'ono kwa mamota amagetsi. Boeing 787, imene inayamba kunyamula anthu mu 2011, mabuleki ake ndi amagetsi, ndipo Ethiopian Airlines inali yoyamba mu Africa kuilandira mu 2012. Mota iliyonse yotere ili ndi kabongo kake, kakompyuta kamene kamatsegula ndi kutseka magetsi maulendo zikwizikwi pa sekondi imodzi. Lamulo la opanga ndege zikuluzikulu limati vuto loti lingagwetse ndege lisayembekezeke koposa kamodzi pa maola 1,000,000,000 a kuuluka. Ndinawerengetsa m'kope langa la masamu: maola amenewo ndi zaka zoposa 114,000. Palibe munthu angauluke zaka zimenezo kuti aone ngati mota yake ndi yokhulupirika.

Motero mainjiniya amachita kwa kabongo kaja zimene Link ankachita kwa mnyamata. Amakatsekera m'bokosi nkukanamiza. Amalemba m'kompyuta masamu onse a mota, kulemera kwa chipsepse ndi mphamvu ya mphepo yochikankha, ndipo mawaya a kabongoko amawalumikiza ku kompyutayo m'malo mwa mota yeniyeni. Kakatumiza lamulo, kompyuta imayankha monga mota ikanayankhira, ndipo iyenera kuyankha msanga kwambiri, m'kagawo ka sekondi yogawidwa kamiliyoni, kuti masamu asatsalire m'mbuyo mwa magetsi. Injiniya amakhala pa desiki monga mphunzitsi uja wa nkhanu. Amadula waya wa m'masamu, amatenthetsa mota ya m'masamu, amachititsa chida choyezera kunena bodza, nayang'ana ngati kabongoko kazindikira ndi kupereka ntchito kwa mota yachiwiri. Vuto limodzi angathe kulibwereza usiku wonse osapsereza kanthu. Zikatheka apa, zida zenizeni amazimanga pa chimango chachikulu m'nyumba, chimene amachitcha mbalame yachitsulo, nayonso yosauluka, ndipo pokhapo ndi pamene ndege yeniyeni imaloledwa kuyesa.

Koma bokosi limayankha mafunso okhawo amene munthu waganiza kulifunsa. Pa 10 March 2019 ndege ya mtundu wa Boeing 737 MAX inagwa patangopita mphindi 6 chinyamukire ku Addis Ababa, nipha anthu 157. Miyezi yosakwana isanu m'mbuyo mwake inzake inagwa ku Indonesia ndi anthu 189. Pa ngozi zonse ziwiri chida chimodzi choyeza kapendamidwe ka ndege pa mphepo chinanama, kompyuta inakhulupirira, nilamula mota yamagetsi ya kumchira kuweramitsa mphuno mobwerezabwereza. Motayo inalibe chilema. Inamvera bodza mokhulupirika. Ndege za mtunduwo zinaimitsidwa pafupifupi miyezi 20, ndipo pobwerera oyendetsa ake analamulidwa kuyamba alowa m'chipinda chophunzirira kukakumana ndi vuto lomwelo ali pansi.

Tibwerere kwa mwini nkhani. Atachoka pa ntchito ya ndege, Link anatembenukira ku nyanja. Anali ndi sitima yake yotchedwa Sea Diver, ndipo mu 1959 iye ndi mkazi wake anafufuza mzinda wa Port Royal ku Jamaica, umene unamira ndi chivomezi mu 1692. Posakhalitsa anayamba kufunsa funso lake lakale m'malo atsopano: munthu angakhale bwanji kumene thupi lake silinalengedwere? Mu September 1962 mnyamata wa ku Belgium, Robert Sténuit, anakhala tsiku lathunthu pa kuya kwa mamita 61 m'chimgolo chimene Link anapanga, pa gombe la France. Mu 1964 Sténuit ndi Jon Lindbergh anakhala maola 49 pa kuya kwa mamita 132 ku Bahamas. Mu 1971 ku Florida anamaliza kasitima koyenda pansi pa madzi kotchedwa Johnson Sea Link. Kutsogolo kwake kunali chimpira choonekera mkati chokhalamo anthu awiri, ndipo kumbuyo kunali chipinda chachitsulo chopepuka chokhalamo awiri ena.

Pa 17 June 1973, Lamulungu limene anthu a ku America amakumbukira atate awo, kasitimako kanatsika pafupi ndi Key West kukatenga mono wa nsomba umene unatcheredwa pa sitima yankhondo yakale yomizidwa. Unali ulendo waufupi, ndipo amuna a kumbuyo anangovala makabudula ndi malaya opepuka. Mmodzi wa iwo anali Edwin Clayton Link, mwana wake, wa zaka 31, ndipo mnzake anali Albert Stover. Pa kuya kwa mamita 110 kasitimako kanakodwa m'chingwe cha sitima yomirayo, osatha kukwera.

M'zipinda zonse ziwiri munali mankhwala oyamwa mpweya woipa umene munthu amatulutsa popuma. Chimpira cha kutsogolo chinasunga kutentha. Chipinda cha kumbuyo, pokhala chachitsulo, chinazizira msanga ndi madzi akuya, ndipo mankhwala aja akazizira sagwira bwino ntchito. Link anali pamwamba, m'sitima yake. Osambira a usilikali anayesa kutsika, koma madzi ankathamanga ndipo zitsulo za sitima yomirayo zinawatchinga. Usiku unapita, kunacha. Masana a tsiku lachiwiri sitima ina inatsitsa kamera ya kanema pamodzi ndi mbedza, nikola kasitimako nkukakweza. Awiri a kutsogolo anatuluka amoyo. Clayton ndi Stover anali atafa.

Link anali ndi zaka 68. Zaka ziwiri zotsatira anazithera pa kupanga chipangizo chopanda munthu m'kati, choyenda pa chingwe kuchokera pa sitima, chokhala ndi nyali, kamera ndi zodulira, choti chizitsika kukamasula kasitima kokodwa. Anachitcha CORD. Johnson Sea Link inakonzedwanso nigwira ntchito zaka zambiri pambuyo pake. Iye anamwalira ku Binghamton pa 7 September 1981 ali ndi zaka 77, ndipo bwalo la ndege la mzindawo linapatsidwa dzina lake.